Mpweya Nawo Uli Ndi Sikelo Yake

Mwezi wa Juni ukalowa, mphepo ya mwera n'kuyamba kuomba, midzi ya ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Nambuma ndi ku Mpingu imakhala pa kalikiliki wosankha fodya. Anthu amalawirira ku zigafa ndipo amaswera komweko, akupatula masamba, akumanga timitolo ndi kudinda mabelo pa jeke, fumbi la fodya lili koboo. Usiku mudzi ukati zii, pamamveka phokoso lina limene anthu analizolowera ngati kulira kwa atambala. M'nyumba iyi mukutsokomola agogo, m'nyumba inayo mwana akulira m'chifuwa ngati kamphaka, ndipo kuseri uko bambo wina wakhala tsonga pamphasa popeza akati agone chagada mpweya ukumuchepera.

Mlimi wa dera limeneli sapusitsidwa pa nkhani ya sikelo. Fodya anakhazikika m'chigwa cha Lilongwe m'zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron anatsegula esiteti ku Mbabzi nayamba kulimbikitsa alimi a m'midzi kulima fodya wochiza ndi utsi, ndipo kuyambira pamenepo mbadwo uliwonse wakula ukudziwa kulemera kwa belo ndi kusiyana kwa magiredi. Koma mlimi yemweyo, amene angathe kutchula makilogalamu a belo pongolinyamula, atafunsidwa kuchuluka kwa mpweya umene chifuwa chake chimasunga, angaseke poyesa kuti wofunsayo akuchita nthabwala. Chonsecho sikelo ya mpweya ilipo, ndipo manambala ake amaweruza zinthu zazikulu: mankhwala amene munthu ayenera kulandira, mankhwala amene sayenera kulandira, ndiponso, kwa amene anagwira ntchito m'migodi, ndalama za chipukuta misozi.

Dzina limodzi, matenda ambiri

Vuto limayambira pa chinenero. Munthu akafika ku chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene asisitere a chipani cha Carmelite ochokera ku Luxembourg anachiyambitsa m'chaka cha 1959, kapena ku chipatala cha Kabudula, amangoti, "Ndikudwala chifuwa." M'mawu amodzi amenewa muli chifuwa chachikulu cha TB, muli chibayo, muli mphumu, muli kuphwa kwa njira za mpweya kumene madokotala amakutcha COPD, muli zipsera zotsala munthu atachira TB, mulinso matenda a fumbi la m'migodi otchedwa silicosis. Onsewa amatsokomoletsa ndipo onse amabanikitsa, koma chithandizo chawo n'chosiyana ngati mvula ndi dzuwa.

Popeza TB ndiye chifuwa chodziwika ndi choopedwa koposa, maganizo a wodwala ndi abale ake amathamangira kumeneko. Makhololo akayezedwa n'kupezeka opanda kachilombo, wodwala amabwerera kumudzi ali wefuwefu monga anabwerera, ndipo pakapita miyezi amayamba kuganizira anthu. Ena amatemera mphini pachifuwa, ena amagula mankhwala a chifuwa pa golosale chaka ndi chaka. Pamenepa ndi pamene pamafunika chipangizo chotchedwa spirometer, chimene ntchito yake ndi kuyeza mpweya wotuluka m'mapapo.

Chipangizochi si chachilendo pa dziko. Dokotala wa ku England, John Hutchinson, ndiye anachidziwikitsa m'chaka cha 1846 atayeza anthu oposa 2,000 ku London. Chake chinali chidebe chovundikira m'madzi, chimene chinkakwera munthu akauziramo, ndipo iye anaona kuti munthu wamtali amasunga mpweya wambiri kuposa wamfupi, ndi kuti mpweyawo umachepa ndi ukalamba ndi matenda. M'chaka cha 1947 dokotala wa ku Paris, Robert Tiffeneau, anawonjezera nzeru ina: sikokwanira kudziwa kuchuluka kwa mpweya, pafunikanso kudziwa liwiro limene ukutulukira. Zipangizo za masiku ano zina n'zazing'ono zogwira m'manja, koma m'dziko muno zadziwika makamaka m'zipatala zazikulu ndi m'kafukufuku, ndipo m'zipatala zing'onozing'ono zakumidzi n'zosowa. N'chifukwa chake amene wachita mwayi woyezedwa ayenera kulimvetsa pepala limene wapatsidwa.

Kuyeza kwake

Woyeza amayamba walemba zaka za munthu, kutalika kwake, ndiponso ngati ndi mwamuna kapena mkazi. Kenaka munthuyo amakhala pampando, amam'tsina mphuno ndi kachipangizo kapulasitiki, ndipo amaluma kapaipi milomo itagwira zolimba kuti mpweya usathawire m'mbali. Amakoka mpweya mpaka chifuwa chitadzaza, n'kuuzira mwamphamvu ndi mwadzidzidzi, napitiriza kuuzira kwa masekondi 6 kapena kuposerapo, mpaka m'chifuwa mutatheratu. Amabwereza kosachepera katatu, koma kawirikawiri sapyola kasanu ndi katatu, ndipo maulendo awiri opambana ayenera kufanana, osasiyana ndi mamililita oposa 150.

Ntchitoyi imalira khama la woyezedwa. Munthu akauzira mwamanyazi, kapena akasiyira panjira chifukwa cha kutsokomola, pepala limanamizira mapapo abwinobwino. Tsono funso loyamba la wowerenga pepala liyenera kukhala lakuti, kodi munthuyu anauzira bwino? Pali enanso amene sayenera kuyezedwa msanga: amene akulavula magazi, amene wangochitidwa opaleshoni ya pachifuwa, pamimba kapena m'maso, ndi amene wangodwala kumene mtima. Amene akuganiziridwa TB ayambe wayezetsa makhololo, pakuti spirometer siona kachilombo, ndipo kuuzira kwamphamvu kungathe kumwaza tizilomboto kwa ena.

Chipanda ndi chikho

Pa pepala pamakhala manambala ambiri, koma eni nkhani ndi atatu. Yoyamba imalembedwa FVC, ndiwo mpweya wonse umene munthu watulutsa, m'malita. Yachiwiri ndi FEV1, ndiwo mpweya umene watuluka m'sekondi yoyamba yokha. Yachitatu imapezeka pogawa yachiwiri ndi yoyamba, ndipo imanena gawo la mpweya wonse limene linatha kutuluka m'sekondi imodzi ija. Munthu wamkulu wa mapapo abwino amatulutsa magawo 75 kapena 80 mwa 100 m'sekondi yoyamba. Nambala imeneyi ikatsika kupyola 70, njira za mpweya zaphwa.

Mayi aliyense wotunga madzi angathe kumvetsa zimenezi. Chipanda chachikulu cha kukamwa kwakung'ono chimasunga madzi ambiri, koma pokhuthula madziwo amatuluka pang'onopang'ono, akulira. Chikho chaching'ono chimataya madzi ake onse kamodzi n'kamodzi, koma madziwo ndi ochepa. Mapapo ena amadwala ngati chipanda, ena ngati chikho, ndipo pepala ndilo limasiyanitsa.

Pofuna kumvetsa bwino, ndi bwino kuyerekeza mapepala a anthu atatu. Loyamba likhale la mayi wa zaka 55 amene sanasutepo fodya, koma waphika m'khitchini yopanda zenera kuyambira ali mtsikana. Mpweya wake wonse ndi malita 2.5, wa sekondi yoyamba ndi malita 1.4, ndiye kuti magawo 56 mwa 100. Njira zake zaphwa. Apa woyeza amam'popera mankhwala otsegula njira za mpweya otchedwa salbutamol kanayi, amadikira mphindi 15, n'kumuyezanso. Ngati nambala ija yangosuntha pang'ono, kufika 1.45, ndiye kuti kuphwako n'kokhazikika, ndipo dokotala amaganizira COPD. Kukula kwa matendawo amakuona poyerekeza FEV1 ndi imene munthu wa msinkhu ndi zaka zimenezo amayembekezeka kukhala nayo: magawo 80 kupita m'mwamba ndi matenda ocheperako, pakati pa 50 ndi 79 ndi apakatikati, pakati pa 30 ndi 49 ndi aakulu, ndipo kutsika kupyola 30 ndi oopsa.

Pepala lachiwiri likhale la mnyamata wa zaka 14 amene amabanika mbandakucha m'nyengo yachisanu, nalephera kumaliza mpira. Mpweya wake wonse ndi malita 3.0, wa sekondi yoyamba 1.9, magawo 63. Naye njira zake zaphwa, koma atapopera mankhwala FEV1 yake yakwera kufika 2.4. Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti kukwera kwa magawo 12 mwa 100, kokwana mamililita 200, ndi umboni wakuti njirazo zimatseguka. Mnyamatayu wakwera ndi mamililita 500. Ameneyu ali ndi mphumu, matenda amene sathera koma amagonja ku mankhwala. Komatu wodwala mphumu akayezedwa tsiku limene wadzuka bwino, pepala lake lingathe kutuluka loyera, kotero kuti dokotala wanzeru amamvetseranso mbiri ya usiku wa mwanayo kuchokera kwa amayi ake.

Pepala lachitatu ndilo losokeretsa. Likhale la bambo wa zaka 68 amene anadwalapo TB namaliza mankhwala. Mpweya wake wonse ndi malita 2.2, wa sekondi yoyamba 1.9, magawo 86. Wowerenga mothamanga adzaona 86 n'kumuuza kuti ali bwino, abwerere kumunda. Koma ngati bambo wa msinkhu umenewo amayembekezeka kutulutsa malita 3.8, ndiye kuti iye watsala ndi magawo 58 okha a mpweya wake. Ameneyu ndi chikho chija: njira n'zotseguka koma mapapo achepa, mwina chifukwa cha zipsera zimene zawaumitsa. Spirometer payokha imangolozera vuto lotere. Kuti litsimikizike pafunika kujambula chifuwa, ndipo nthawi zina kuyeza kwina kwa ku chipatala chachikulu monga cha Kamuzu Central.

Nayo nambala ya 70 si mwala wosasuntha. Ana amayenera kuipyola patali, pamene okalamba ambiri athanzi amatsikirako pang'ono chifukwa cha zaka chabe. Ndiponso kubanika konse sikuchokera m'mapapo. Kuchepa kwa magazi ndi kufooka kwa mtima nazo zimabanikitsa, pepala la spirometer lili bwinobwino.

Sikelo ya yani?

Mawu akuti "amayembekezeka" abisa mkangano waukulu. Kuti munthu anenedwe kuti mapapo ake achepa, amayerekezedwa ndi anthu ena athanzi. Koma anthu ake ati? Kafukufuku amene anachitika pakati pa anthu akuluakulu mu mzinda wa Blantyre, wofalitsidwa m'chaka cha 2016, anapeza kuti pafupifupi anthu 4 mwa 10 alionse anali ndi mapapo osunga mpweya wochepa powayerekeza ndi Azungu a ku America, pamene a njira zophwa anali pafupifupi 4 okha mwa 100. Kafukufuku wina m'midzi ya ku Chikhwawa, wofalitsidwa mu 2019, anapeza zofanana: munthu mmodzi mwa atatu anali wa mapapo ochepa. Koma Amalawi omwewo akayerekezedwa ndi Amalawi anzawo, chiwerengerocho chimatsika kwambiri.

Kwa zaka zambiri mabuku a madokotala ankangoti anthu akuda amabadwa ndi mapapo aang'ono, ndipo zipangizo zinkachotseratu gawo lina pa nambala yoyembekezeka woyeza akalemba kuti munthuyo ndi wakuda. Mu 2023 bungwe la madokotala a mapapo ku America, la American Thoracic Society, linalangiza kuti mtundu wa munthu usamawerengedwenso poyeza. Chifukwa chake n'chomveka. Mapapo amayamba kuumbika mwana ali m'mimba ndipo amakula mpaka zaka za pakati pa 20 ndi 25. Mwana wobadwa wochepa sikelo, wokula ndi njala, wodwaladwala chibayo, amafika pa ukulu ndi mapapo osakhwima mokwanira. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Kunena kuti mapapo ochepa ndi chibadwa cha Mmalawi kuli ngati kunena kuti chimanga cha m'munda woguga chinabadwa chachifupi. Sikelo yotere imam'tonthoza wodwala, koma imabisa chimene njala ndi matenda zinamulanda.

Utsi, TB ndi mgodi

Mdani woyamba wa mapapo kumudzi amakhala pa mafuwa. Mabanja oposa 9 mwa 10 m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo kumene mitengo inathera ku zigafa ndi ku mauvuni a njerwa, amayi amasonkhezera zitsononkho, mapesi, ngakhale mitengo ya fodya. Mwaye umene umada bii kudenga la khitchini ndi womwewo umene mayi ndi mwana wakumsana amapuma. Komabe nkhaniyi siithera pa mbaula. Kafukufuku wamkulu wa ku Chikhwawa ndi ku Karonga, wofalitsidwa kumapeto kwa 2016, anatsata ana oposa 10,000 m'midzi 150. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zochepetsa utsi, ena anapitiriza kuphika pa mafuwa, ndipo patapita zaka ziwiri chibayo sichinasiyane pakati pa magulu awiriwo. Phunziro lake ndi lakuti utsi uli ndi makomo ambiri: moto wa lupsa, zinyalala zotenthedwa, nyali ya koloboyi, moto wowotha m'nyumba m'nyengo yachisanu, ndi chingambwe cha abambo. Kutseka khomo limodzi n'kothandiza, koma sikukwanira.

Mdani wachiwiri ndi TB yochira. Ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anatsata anthu 405 amene anamaliza mankhwala a TB, ndipo zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2020, zinaonetsa kuti mmodzi mwa atatu anali ndi manambala a spirometer olakwika pa tsiku limene anauzidwa kuti wachira, ndipo oposa 4 mwa 10 anali ndi njira za mpweya zofutukuka ndi zowonongeka, zosunga makhololo. M'kaundula wa chipatala anthu otere amalembedwa kuti achira, ndipo n'zoona pakuti kachilombo kanafa. Koma khasu limawakanika, njinga imawakanika pachitunda, ndipo ena amayambitsidwanso mankhwala a TB kachiwiri popanda umboni wa makhololo, pamene vuto lawo ndi zipsera.

Mdani wachitatu anabwera ndi sutikesi kuchokera ku Joni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene anali pa ulendo wobwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatha mu 1988. Amene anabwerako anadza ndi mawailesi, njinga ndi mabulangete, koma ambiri anadzanso ndi fumbi la mwala wa golide m'mapapo. Fumbi limeneli silituluka. Limapanga zipsera zimene zimakulirakulira ngakhale munthu atasiya mgodi zaka makumi angapo zapitazo, ndipo limatsegulira TB khomo.

Mu 2018 makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide, ndiwo African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater, anavomera kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni kwa odwala silicosis ndi TB ya m'migodi. Bwalo lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizanowu mu 2019, ndipo panakhazikitsidwa bungwe la Tshiamiso Trust loti lipereke ndalamazo kwa amene anagwira ntchito m'migodi yotchulidwa m'mgwirizanowo pakati pa 12 Malichi 1965 ndi 10 Disembala 2019, kapena kwa amasiye awo, posayang'ana dziko limene munthu akuchokera. Apa ndi pamene kuuzira m'kapaipi kumasanduka ndalama. Chithunzi cha chifuwa chimaonetsa ngati fumbi lilimo, ndipo spirometer imaonetsa kukula kwa chiwonongeko. Mgwirizanowo unaika R70,000 pa silicosis ya gulu loyamba, R150,000 pa lachiwiri, R250,000 pa lachitatu, ndi ndalama zofika R500,000 pa lachinayi. Nkhalamba imene yauzira molakwika chifukwa chosamva malangizo ingathe kukanidwa pepala lake kapena kuikidwa m'gulu losayenera. Kulembetsa ku bungwelo n'kwaulere, kotero munthu woyenda m'midzi kutolera ndalama ponena kuti afulumizitsa chipukuta misozi ayenera kukayikiridwa.

Kusamala chotsala

Pepala likawerengedwa, chithandizo chimatsata chimene lanena. Koma lisanafike n'komwe, lamulo loyamba silisintha: chifuwa chopyola milungu iwiri, makamaka chodza ndi kuwonda, kutuluka thukuta usiku kapena magazi, chiyenera kuyezetsedwa makhololo. Mankhwala a TB ndi aulere ndipo amamwedwa miyezi 6 osadumphitsa.

Kwa wodwala mphumu mankhwala opopera m'kamwa ali mitundu iwiri, ndipo kusokoneza iwiriyi kwatayitsa miyoyo. Salbutamol, amene kawirikawiri amakhala m'kabotolo kobiriwira ngati mtambo, amamasula njira pa mphindi zochepa, koma sachiza kutupa kwa m'kati. Beclometasone, amene kawirikawiri amakhala m'kabotolo kofiirira, sathandiza pa nthawi yobanika, koma akamapoperedwa tsiku ndi tsiku, ngakhale masiku amene munthu ali bwino, amaphwetsa kutupako ndipo kubanika kumabwera patalipatali. Akatha kupopera munthu achukuche m'kamwa. Kuyambira 2019 malangizo a akatswiri a mphumu pa dziko lonse salolanso kuti wachinyamata kapena wamkulu azidalira salbutamol yekha. Mphekesera yakuti mankhwala opopera amazoloweretsa kapena amafooketsa mtima ilibe maziko. Mapiritsi amene ambiri amawakonda ndiwo amayenda thupi lonse, nanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima, pamene opopera amalunjika m'mapapo ndi mlingo wochepa.

Ana ndi okalamba ambiri amalephera kupopera ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, mankhwala n'kuthera pa lilime. Madokotala a ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti botolo lapulasitiki la mamililita 500, loboola kumatako kuti kabotolo ka mankhwala kalowe mothina, limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula. Mankhwala amapoperedwa m'botolo kamodzi, wodwala n'kupuma kukamwa kwa botololo kanayi kapena kasanu. Ku Queen Elizabeth, kafukufuku wa ana 120 wofalitsidwa mu 2021 anaonetsa kuti ana amene analandira mankhwala oyenera, iwo ndi makolo awo n'kuphunzitsidwa modekha kapoperedwe kake, anapeza bwino ndipo anachepetsa kujomba kusukulu. Kumene spirometer kulibe, kachipangizo kotchipa kotchedwa peak flow meter kamathandiza: wodwala amadziwa nambala yake ya tsiku labwino, ndipo akatsika kupyola magawo 80 a nambalayo amadziwa kuti matenda akubwera, akatsika kupyola theka amathamangira ku chipatala.

Kwa wa COPD, wa zipsera za TB ndi wa fumbi la mgodi, mawu a akuluakulu akuti madzi akatayika saoleka ndi oona, pakuti palibe mankhwala obwezera papo lowonongeka. Koma chotsala chimasamalika. Munthu akapyola zaka 30 kapena 35 FEV1 yake imatsika ndi mamililita 20 kapena 30 pachaka, pamene osuta ena amataya kawiri kuposa apo. Charles Fletcher ndi Richard Peto, atatsata amuna ogwira ntchito ku London, anaonetsa mu 1977 kuti wosiya fodya sabweza chimene anataya, koma kutsika kwake kumabwerera pa liwiro la munthu wosasuta. Kusiya chingambwe pa zaka 60 si kuchedwa.

Wobanika amaopa kuyenda, ndipo akamangokhala miyendo imafooka, kubanika n'kumakula. Mankhwala ake ndi kuyenda tsiku lililonse mpaka kubanika pang'ono kosaletsa kulankhula, kukhala ndi kuimirira pampando kangapo, ndi kuphunzira kukoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono milomo itasongoka ngati woimba mluzu. Wa makhololo ambiri aziwatulutsa m'mawa ndi madzulo, ndipo akasintha mtundu kapena kuchuluka apite ku chipatala. Kuphikira panja kapena m'khitchini ya mazenera, nkhuni zouma, kutula mwana kumsana pophika, kusankhira fodya podutsa mphepo, ndi kuwaza madzi posesa, zonsezi sizilira ndalama. Katemera wa ana, chakudya cha mayi woyembekezera ndi kuyamwitsa ndiwo maziko a mapapo a mbadwo ukudzawu.

Pali zizindikiro zosadikira kucha. Munthu akamalephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, milomo kapena lilime zikada, akayamba kusinza kapena kubwebweta, kapena mwana akamalowetsa nthiti m'kati popuma nakana kuyamwa, ngolo kapena njinga imangidwe usiku womwewo. Ku chipatala amam'panitsa chala ndi kachipangizo koyeza mpweya wa m'magazi, kamene anthu ambiri anakadziwa pa mliri wa Covid-19. Wathanzi amakhala pa 95 kupita m'mwamba, ndipo wotsika kupyola 90 amafunika mpweya wa oxygen.

Pepala lisatayike

Pepala limodzi la spirometer limanena za tsiku limodzi. Mapepala awiri kapena atatu a zaka zosiyana amanena kumene munthu akulowera. N'chifukwa chake liyenera kumatidwa m'kabuku ka kuchipatala ndi kusungidwa monga mlimi amasungira mapepala a ku okushoni ya ku Kanengo. Ndipo popeza safunsa anadya phula, woyezedwa asatuluke m'chipinda asanafunse mafunso anayi: ngati anauzira bwino, ngati vuto lake ndi njira zophwa kapena mapapo ochepa, ngati mankhwala opopera anasintha nambala, ndi tsiku limene ayenera kudzayezedwanso.

Mayi wa khitchini yakuda uja, mnyamata wa mpira uja ndi nkhalamba ya zipsera ija onse amafika pa chipatala ndi mawu amodzi, ndipo akapanda kusiyanitsidwa amabwerera ndi mankhwala amodzi. Mnyamatayo akanatha kukula osadziwikanso kuti ali ndi mphumu, mayiyo akanatha kusunga mpweya wake wotsala zaka zambiri, ndipo nkhalambayo ikanapulumuka miyezi 6 ya mapiritsi osafunika. Makomiti a zaumoyo a kwa Kabudula, ku Nsaru, ku Nambuma ndi ku Mpingu akamalemba zosowa za zipatala zawo, ali ndi chifukwa cholemberapo spirometer, munthu wophunzitsidwa kuigwiritsa ntchito, ndi mankhwala opopera a mitundu yonse iwiri. Dera limene layeza fodya wake kwa zaka 100 liyenera kuyamba kuyezanso zifuwa za olima fodyayo.